Kukayenda ndi Mizukwa ya ku Edinburgh: Malangizo kwa Mlendo Wochokera Kwathu

Kwathu munthu salowa kumanda wamba. Pamafunika maliro, tsiku lolambula, kapena mwambo woika chiliza, ndipo ngakhale pamenepo amfumu amayamba adziwa kaye. Akakupezani pakati pa mitumbira usiku muli ndi tochi m'manja, kukamacha nkhani yanu ili pabwalo. Koma ku Edinburgh, likulu la Scotland, anthu amapereka ndalama kuti awatengere kumanda usiku, mpaka kuima pamzere. Ndakhala ndikuperekeza abale ndi anzanga pa maulendo amenewa akabwera kudzandiona. Ena anasangalala, ena anandinyanyalira mpaka mawa lake. Ngati nanunso mukufuna kukayesa, yendani motere.

Yambani mwadziwa chimene mukugula

Pa intaneti mudzalemba mawu akuti ghost tour. Ndi ulendo wapansi, wa ola limodzi kapena awiri, m'chigawo chakale cha mzindawu chotchedwa Old Town. Mumakhala gulu, kutsogolo kuli munthu wovala chijasi chakuda, nthawi zina chipewa chachitali, amene amakuimitsani pamalo pamene panachitika zoopsa n'kukufotokozerani. Munthuyo si sing'anga ndipo sabwebweta. Ali pa ntchito basi, ndipo ambiri mwa iwo ndi azisudzo kapena anthu amene anaphunzira mbiri yakale. Ndikunena zimenezi poyambirira chifukwa azakhali anga anakana kutuluka m'nyumba poganiza kuti tikukaitana mizimu. Palibe woitana mizimu. Mukukamvera nthano muli chiimire pamalo pamene nthanoyo inabadwira.

Maulendowa alipo a mitundu itatu. Ena amangoyenda m'misewu ndi m'tinjira topanikizika tapakati pa nyumba, timene eni ake amatitcha close. Ena amakutsitsirani pansi pa nthaka. Ena amakulowetsani m'manda a Greyfriars. Ambiri amasakaniza iwiri mwa itatuyi, choncho werengani bwino pamene alemba malo okafikako musanalipire.

Sankhani poyang'ana amene mukupita nawo

Kampani ya Mercat Tours imayambira pa chipilala chakale chotchedwa Mercat Cross ndipo imalowa m'zipinda zapansi za ku Blair Street. Imeneyi imatsamira kwambiri ku mbiri. Auld Reekie Tours imalowa m'zipinda za mbali ya Niddry Street. City of the Dead Tours ndiyo imatsegula chipata cha Covenanters' Prison m'manda a Greyfriars, chomwe nthawi zambiri chimakhala chokhoma. The Real Mary King's Close ndi malo apawokha, olowera pa Royal Mile, msewu waukulu wa Old Town, ndipo ana osakwana zaka 5 saloledwa kulowa.

Ngati muli ndi ana kapena achikulire, tengani ulendo wa masana kapena wa chakumadzulo. Yausiku kwambiri ina ndi ya anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo, chifukwa amafotokoza za kuzunza anthu mosapsatira mawu. Funsaninso funso ili: kodi pali munthu wobisala wodzidzimutsa anthu mumdima? Makampani ena amatero, ena satero. Amene ali ndi vuto la mtima, mphumu, kapena mayi woyembekezera ayenera kudziwiratu. Amene amabanika akakhala m'malo opanikizika asiyane nazo za pansi pa nthaka, ndipo njinga ya olumala m'zipindamo singatsike.

Nthawi ndi tikiti

Gulirani tikiti pa intaneti, makamaka mu Ogasiti pamene mzinda umadzaza ndi alendo a chikondwerero cha Fringe, ndi kumapeto kwa Okutobala pamene kuli Halloween. Mtengo umasinthasintha, choncho uonerenitu pa intaneti pomwepo kuti musadzachite manyazi. Aliponso maulendo amene amati ndi aulere. Aulerewo ndi dzina chabe: wotsogolerayo amadyera zimene mumupatse pomaliza, ndiye musazembe ngati mwana wothawa mbale.

Za dzuwa zimapusitsa ambiri. Mu Juni ku Edinburgh dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, moti ulendo wa 8 koloko mudzauyenda kukuwala ngati masana, wotsogolera akuyesetsa kukuopsezani mbalame zikuimba. Mu Disembala 4 koloko isanakwane kunja kwada kale. Ine ndimakonda Okutobala ndi Novembala, pamene mdima umabwera msanga koma chisanu chisanafike polasa m'mafupa.

Zovala

Valani ngati mukupita ku Dedza mu Julayi, kenaka onjezerani jekete ina yosalowa madzi. Mvula ya kuno ndi chiperoni chosatha, ndipo ulendo suimitsidwa chifukwa cha mvula. Ambulera mphepo imaitembenuza. Misewu ndi ya miyala yoyala, yoterera ikanyowa, ndipo mzindawu ndi zitunda ndi masitepe okhaokha, choncho nsapato zagogoda zisiyeni kunyumba. Lowerani kuchimbudzi musananyamuke, chifukwa m'njiramo mulibe.

Fikani msanga, muone zimene gulu lidzangodutsa

Kuchokera pa siteshoni ya sitima ya Waverley, kukwera mtunda kudzera mu Cockburn Street, ndi mphindi zosakwana 10 kufika pa Royal Mile, msewu wotsetsereka kuchokera ku linga lakale la Edinburgh Castle mpaka ku nyumba yachifumu ya Holyroodhouse. Maulendo ambiri amakumana pafupi ndi tchalitchi cha St Giles'. Magulu amakhala angapo pamalo amodzimodzi, ndiye onetsani tikiti yanu kwa wotsogolera musanamutsatire. Safunsa anadya phula: mlamu wanga anayenda theka la ola ndi gulu la anthu olankhula Chisipanishi asanazindikire kuti wasochera.

Mukafika kudakali mphindi 20, zungulirani kuseri kwa St Giles'. Pamalo oimika magalimoto, pa nambala 23, pali chizindikiro chosonyeza pamene anaikidwa John Knox, tate wa Chipresbateria cha ku Scotland, amene anamwalira mu 1572. Manda akalewo anawaphimba, ndipo lero galimoto imaima pamwamba pa mtsogoleri wa mpingo. Ganizirani zimenezo zitachitika ku Nkhoma kapena ku Khondowe. Kumaso kwa tchalitchicho, pansi, pali miyala yoyalidwa ngati mtima. Pamenepo panali ndende yakale ya Tolbooth imene inagwetsedwa mu 1817, ndipo anthu odutsa amalavulirapo mpaka lero. Musapondepo, ndipo musajambulitse mutagwada pamenepo.

Pomvera, lekanitsani ndiwo ndi nsinjiro

Apa ndi pamene pagona ulendo wonse. Wotsogolera wabwino amasakaniza zoona ndi zokometsera mpaka simungadziwe polekanira, ndipo imeneyo ndiyo ntchito yake. Tcherani khutu ku mawu akuti "anthu amati". Akatero, ndiye kuti walowa mu padangokhala. Akatchula chaka, dzina ndi khoti limene linazenga mlandu, nthawi zambiri zimenezo zinalembedwa.

Tengani Mary King's Close. Kanali kamsewu ka anthu wamba, kotchedwa dzina la mayi wina wamasiye wogulitsa nsalu. Mu 1645 mliri wofala ndi utitiri wa makoswe unapha anthu ambiri mumzindawu. Nthano yotchuka imati akuluakulu a mzinda anatseka kamsewuka ndi njerwa odwala ali momwemo. Sizinatero. Odwala ankatsekeredwa m'nyumba zawo, ankapachika kansalu koyera pazenera, ndipo ankawabweretsera chakudya. Kamsewuka kanalowa pansi patapita zaka zoposa 100, kuyambira mu 1753, pamene anadula nyumbazo kumwamba n'kumanga chinyumba cha Royal Exchange pamwamba pake. Chinyumbacho lero ndi maofesi a khonsolo ya mzinda. Mudzaonanso chipinda chodzaza zidole, zimene alendo amasiyira mzukwa wa kamtsikana kotchedwa Annie. Kamtsikanako sikachokera m'mabuku a mbiri. Kanayamba kumveka m'zaka za m'ma 1990 mayi wina wa ku Japan, wodziwika kuti amaona za mizimu, atanena kuti wakamva m'chipindamo. Kujambula zithunzi m'menemo saloleza.

Zipinda zapansi pa South Bridge nazonso zili ndi mbiri yomveka bwino. Mlathowo unatha kumangidwa mu 1788, uli ndi makhonde opindika 19, koma limodzi lokha ndilo limaoneka, lodutsa pamwamba pa msewu wa Cowgate. Enawo anatsekedwa ndi nyumba mbali zonse ziwiri, n'kusanduka mosungira katundu, mosokera nsapato ndi momwera mowa. Mlathowo unkadontha. Amalonda atathawa chinyezi, munalowa amphawi osowa pogona, kukhala mopanda zenera, mopanda madzi, mopanda chimbudzi. Pambuyo pake anazitseka, n'kudzazitulukiranso m'zaka za m'ma 1980. Wotsogolera akazimitsa kandulo mumakhala mdima wandiweyani, madzi akudontha penapake, ndipo tsemwe limakugwirani ndithu. Panthawi imeneyo ine sindiganiza za mzukwa. Ndimaganiza za mayi amene ankayamwitsa mwana m'menemo.

Dzina la Burke ndi Hare mudzalimva ulendo uliwonse. Ena amati ankafukula mitembo, ena amati ankaibisa m'zipinda zapansizo. Zoona zake n'zoipa kuposa pamenepo: anthu awiriwa sankafukula, ankapha. Mu 1828 William Burke ndi William Hare anapha anthu 16, ambiri mwa iwo amphawi amene ankawakopa ndi mowa kudera la West Port, n'kumagulitsa mitemboyo kwa dokotala Robert Knox, amene ankaphunzitsira ophunzira ake za m'thupi la munthu. Nthawi imeneyo lamulo linkalola madokotala kutumbula mitembo yochepa kwambiri, makamaka ya onyongedwa, pamene ophunzira anali mazanamazana, ndiye mtembo unasanduka malonda. Hare anapereka umboni wotsutsa mnzake n'kumasulidwa. Burke ananyongedwa pa Lawnmarket pa 28 Januwale 1829, thupi lake analitumbula pagulu, ndipo mafupa ake akusungidwabe ku yunivesite ya Edinburgh. Knox sanazengedwe mlandu. Lamulo la mitembo yotumbula lija linasintha mu 1832. Mzinda womwewu, wotchuka ndi sukulu za udokotala, ndi umene Kamuzu Banda anamalizirako maphunziro ake a udokotala mu 1941.

Ku Grassmarket, kumene ankanyongerako anthu mpaka mu 1784, adzakuuzani za Maggie Dickson. Ananyongedwa mu 1724 pa mlandu wobisa mimba mwana atapezeka wakufa, koma ali pa ulendo wopita kukaikidwa ku Musselburgh anatsitsimuka m'bokosi. Poti chilango chinali chitaperekedwa kale, anamusiya, ndipo anakhala ndi moyo zaka zambiri. Imeneyi imamveka ngati nsinjiro, koma ndi ndiwo.

Akafika pa nkhani ya afiti

Chapafupi ndi khomo la bwalo la Castle pali kachitsime kakang'ono pakhoma, kotchedwa Witches' Well, kokumbukira anthu amene anaphedwa pamenepo powanamizira ufiti. Scotland inakhazikitsa lamulo la ufiti mu 1563, ndipo linathetsedwa mu 1736. M'zaka zimenezo anthu pafupifupi 4,000 anaimbidwa mlandu, ambiri mwa iwo amayi. Mfumu James VI inafunsa yokha ena mwa oganiziridwa pa milandu ya ku North Berwick imene inayamba mu 1590. Ankawamana tulo masiku angapo, kuwabaya ndi singano pofunafuna chizindikiro cha Satana, mpaka munthu avomere ndi kutchula anzake. Opezeka olakwa ankawapotokola khosi n'kuwotcha mtembo. Mu Malichi 2022 Nicola Sturgeon, amene ankatsogolera boma la Scotland, anapepesa poyera m'malo mwa dziko.

Apa gulu limaseka, chifukwa kwa ambiri afiti ndi zidole za Halloween zokwera tsache. Wochokera kwathu kuseka kumavuta. Ifenso tili ndi lamulo la 1911 loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma tonse tinamvapo pa wailesi za agogo ogendedwa pamaliro, kapena kuwotcheredwa nyumba mdzukulu akamwalira mwadzidzidzi. Musakangane ndi wotsogolera, ndiponso musadzikakamize kuseka nawo. Ngati muli ndi ana, nkhani yake mukaipitirize kunyumba.

Kulowa m'manda a Greyfriars

Pachipata imani kaye, mudzifunse ngati mtima ukulola. Wina akakana kulowa musamuseke kapena kumukoka. Uzani wotsogolera, adzakuuzani pomudikirira pamene pali magetsi, chakufupi ndi chiboliboli cha kagalu kotchedwa Greyfriars Bobby. Mandawa kwa eni mzinda ali ngati paki. Masana anthu amadyeramo nkhomaliro atakhala paudzu, ndipo palibe mwambo umene mukuswa polowa. Komabe yendani m'njira zokha, musakhalire kapena kutsamira ziliza, musatole kamwala kapena kanthu kalikonse, ndipo foni ikhale chete.

Ngati ndinu a CCAP, malo ano ndi kwanu ndithu. Mu Febuluwale 1638, m'tchalitchi cha Greyfriars, anthu anayamba kusainira pangano lotchedwa National Covenant, lokana kuti mfumu Charles I iwaikire mabishopu ndi buku la mapemphero lochokera kwa iyo. Osainirawo ankatchedwa Covenanters. Chipresbateria chimene ankachitetezacho ndi chimene mipingo ya ku Scotland inadzabwera nacho ku Cape Maclear, kumene kunayambira mishoni ya Livingstonia, mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876.

Mu Juni 1679 ma Covenanters anagonja pa nkhondo ya ku Bothwell Bridge, ndipo pafupifupi 1,200 anawatsekera pabwalo loyandikana ndi mandawa, popanda denga lenileni, akupatsidwa kabuledi kochepa patsiku. Ena anafera pomwepo, ena ananyongedwa, ambiri anamasulidwa atalumbira kuti sadzaukiranso mfumu. Otsala oposa 250 anawakweza chombo chopita ku America, chimene chinasweka ku zilumba za Orkney mu Disembala chaka chomwecho, ndipo pafupifupi 200 anamira. Chigawo cha bwalo limenelo ndicho Covenanters' Prison, chimene wotsogolera adzakutsegulireni ndi kiyi.

Amene ankawazenga milandu anali loya wamkulu wa mfumu, George Mackenzie, amene anthu anamutcha Bluidy Mackenzie, kutanthauza wamagazi. Anamwalira mu 1691 ndipo anaikidwa m'manda omwewa, m'kanyumba kozungulira kakuda, mtunda wongoponya mwala kuchoka pamene anthu aja anazunzikira. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyu ankadzudzula mmene milandu yambiri ya ufiti inkazengedwera, ndiponso anayambitsa laibulale ya maloya imene inadzakhala maziko a laibulale yaikulu ya dziko la Scotland. Wotsogolera sangakuuzeni zimenezo usiku, zimachepetsa mantha.

Chimene adzakuuzeni n'chakuti kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 munthu wina wosowa pogona anathyola chitseko cha kanyumbako pothawa mvula, ndipo kuyambira pamenepo mzukwa wa Mackenzie unalusa. Amati alendo amatuluka ndi mikwingwirima, zokalika, ndipo ena amakomoka. Za kukomokazo ndinaziona ndi maso: mtsikana wina m'gulu lathu anangoti khu! pansi tili m'kachipinda ka ziliza. Tinali anthu ambiri mopanikizana, titaima nthawi yaitali, mumdima, titauzidwa kale kuti wina akomoka, ndipo mwini wake anavomera pambuyo pake kuti sanadye chichokereni m'mawa. Choncho idyani musanapite, musamwe mowa wambiri, ndipo musaime mawondo ali gwa. Mukamva chizungulire nenani msanga, mutuluke mukapume mpweya. Ndipo musayese kugwedeza chitseko cha Mackenzie pofuna kuonetsa chamuna. Anyamata awiri amene anathyola kanyumbako mu 2003 n'kutulutsa chigaza anakathera kukhoti.

Musanatuluke pemphani kuti akuonetseni zitsulo zotchinga manda, zimene amazitcha mortsafe. Ndi chikhola chachitsulo chimene achibale ankaika pamwamba pa manda atsopano kuti ofukula asabe mtembo n'kukaugulitsa kwa madokotala. Mtembo ukaola, sunalinso malonda. Ku Greyfriars zidakalipo, ndipo anthu ambiri amazidutsa osadziwa ntchito yake.

Pomaliza ulendo

Funsani mafunso anu gulu likamabalalika. Ambiri mwa otsogolerawa akavula chijasi amayankha moona, ndipo mukawafunsa kuti ndi ziti zinalembedwa ndi ziti zongopeka amasangalala kuti wina anamvetsera. Ngati wakusangalatsani, mapaundi angapo m'dzanja sakana. Makampani ena amamalizira m'chipinda chomwera, kumene amapereka kachasu wa kuno wotchedwa whisky. Osamwa angopempha chakumwa chozizira, palibe amene adzawayang'ane kawiri.

Onaniretu nthawi ya basi kapena sitima yomaliza musananyamuke kunyumba, makamaka ngati mukugona kunja kwa mzinda, ku Glasgow kapena ku Fife. Usiku Cowgate ndi Grassmarket kumadzaza oledzera, makamaka Lachisanu ndi Loweruka, ndiye bwererani kudzera pa George IV Bridge kapena Royal Mile pamene pali kuwala, ndipo tinjira topanikizika tija musatilowe nokha.

Mawa lake, ngati muli ndi nthawi, bwererani ku Greyfriars masana. Kulowa ndi kwaulere. Cha kumunsi, kumbali yoyang'ana ku Candlemaker Row, kuli chiliza cha ma Covenanters ophedwa, chotchedwa Martyrs' Monument, chimene usiku simungathe kuchiwerenga. Mukachoka pamenepo yendani mphindi 10 kupita ku Surgeons' Hall Museums pa Nicolson Street. Kumeneko, m'kabokosi kagalasi, kuli kabuku ka m'thumba kokutidwa ndi chikopa chofiirira, ndipo pachikutopo panalembedwa kuti khungulo ndi la Burke.